Marmot amawerengedwa mmodzimmodzi, ndere zili pa mango popanda oziwerenga

Mwana wa mlongo wanga, yemwe akuchita Folomu 3 ndipo amakhala nafe ku Area 25, anandipeza pakhonde madzulo ena ali ndi kope m'manja. Aphunzitsi a Biology anali atawapatsa ntchito yoyerekeza zamoyo ziwiri zosiyana kwambiri, poona gulu lomwe zili, malo omwe zimakhala, ndiponso ngati zili pachiopsezo chakutha. Iye mayere anamugwera pa marmot ndi lichen. "Amalume," anatero, "zinthu zimenezi ku Malawi kuno ziliko?" Ndinamuuza kuti chimodzi kulibe ndipo sichinakhalepo, koma chinacho watsamira mtengo womwe chili. Anatembenuka n'kuyang'ana tsinde la mango. Panali zigamba zotuwa, zina zobiriwira pang'ono, zomata pakhungwa ngati penti yakalekale. "Ndere izi?" Eya, ndere zomwezo.

Tiyambe ndi mlendoyo. Marmot ndi nyama yoyamwitsa ya m'gulu la makoswe, lomwe asayansi amalitcha Rodentia, gulu la nyama zokhala ndi mano akutsogolo omwe amakula moyo wonse. Mbewa, ntchenzi, fuko ndi nungu zonse zili m'gulu limeneli. Mkati mwake muli mabanja, ndipo banja la marmot ndi Sciuridae, banja la agologolo. Kunena mwachidule, marmot ndi gologolo amene anasiya mitengo n'kusankha una, kenako n'kunenepa. Wamkulu wa ku mapiri a Alps amatha kufika makilogalamu 7 kapena 8 nyengo yozizira ikamayandikira, kulemera kuposa tambala wamkulu kawiri. Mitundu yake ilipo 15, yonse pansi pa dzina limodzi loti Marmota, ndipo yonse imapezeka kumpoto kwa dziko lapansi: ku Ulaya, ku Asia ndi ku North America. Ku Africa kulibe ndi umodzi womwe.

Mphwangayo ataona chithunzi pa foni anati, "Aa, si mbira iyi?" Sindinamuseke, chifukwa aliyense amene anaonapo mbira itakhala pamwala ku Bunda kapena ku Nkhoma ikuwotha dzuwa anganene zomwezo. Thupi lonenepa, makutu aafupi, kukonda miyala, ndiponso mlonda mmodzi amene amalira akaona chiombankhanga kuti anzake athawire m'mapanga. Marmot naye amatero, amaimba likhweru lakuthwa lomveka kutali. Koma mbira ya m'phiri si khoswe konse. Ili m'gulu lakelake lotchedwa Hyracoidea, ndipo abale ake oyandikira omwe adakali ndi moyo ndi njovu ndi nyama zina za m'nyanja zamchere. Chosokoneza n'chakuti mbira yoweta ija, yomwe ana amasunga m'khitchini, yokhayo ndi khoswe weniweni, wochokera ku South America. Dzina limodzi, nyama ziwiri zosagwirizana magazi. Komanso marmot ali nawo mchira waubweya, pomwe mbira yathu tonse tikudziwa kuti inausowa chifukwa chotuma anzake.

Vuto la dzina limodzi pa zinthu zambiri limakula tikafika pa ndere. Mawu oti ndere timawagwiritsa ntchito pa zoterera zobiriwira za pamadzi a m'dambo, pa tizomera tofewa tomera pakhoma lonyowa la bafa, ndiponso pa zigamba zouma za pamiyala ndi pamakungwa. Kwa asayansi izi ndi zinthu zitatu zotalikirana kwambiri. Zomwe tikukamba pano ndi zachitatuzo, zouma zija, zomwe m'mabuku amalemba kuti lichen.

Apa ndi pomwe ntchito ya mphwangayo inavuta, chifukwa tebulo lomwe aphunzitsi anapereka limafuna mzere umodzi: ufumu, gulu, banja, mtundu. Marmot amalowa bwinobwino mumzerewo. Ndere zimakana, chifukwa ndere si chamoyo chimodzi. Ndi bowa amene wakutira tizamoyo tina tating'onoting'ono totha kupanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Nthawi zambiri mnzakeyo amakhala algae wobiriwira, makamaka wa mtundu wa Trebouxia, ndipo nthawi zina amakhala bakiteriya wotchedwa cyanobacteria, monga Nostoc. Ndere zina zimasunga onse awiri. Bowayo ndiye amamanga thupi lonse lomwe timaliona, amagwira pamwala, amasunga chinyezi ndi kutchinga dzuwa likanyanya. Algae amakhala m'kati, pansi pa khungu lapamwamba, n'kumapanga shuga yemwe bowa amadya. Mwini nyumba salima, mlimi alibe nyumba.

Anthu anatenga nthawi kuti avomereze zimenezi. Carl Linnaeus, amene anayambitsa kalembedwe ka mayina awiriawiri a Chilatini komwe ana athu amaloweza lero, mu 1753 anangoziponya ndere pamodzi ndi algae. Mu 1867 wasayansi wa ku Switzerland, Simon Schwendener, ananena kuti ndere ndi zamoyo ziwiri zokhalira limodzi, ndipo akatswiri ambiri a ndere a nthawi imeneyo anamutsutsa mwamphamvu. Iye mwini sankaona ubalewu ngati chikondi: ankafanizira bowayo ndi mbuye wosunga akapolo. Mpaka lero mkanganowu sunathe kwenikweni, chifukwa algae ambiri atha kukhala paokha, pomwe bowa wa ndere payekha m'chilengedwe safika patali. Ine ndimauona ngati ubale wa mwini esiteti ya fodya ndi matenanti ake: onse amadya, koma pofunsa amene wapindula kwambiri yankho silisowa. Ndiye mu 2016 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Toby Spribille linapeza kuti m'khungu la ndere zambiri mumakhalanso yisiti wa mtundu wina, bowa wachiwiri amene kwa zaka pafupifupi 150 palibe amamuona. Nyumba ija yomwe tinkati ya anthu awiri inapezeka kuti ili ndi alendo ena ogona kuseri.

Asayansi anathana nalo vutoli pogwirizana kuti dzina la Chilatini la ndere ndi dzina la bowayo basi. Algae ali ndi dzina lake padera. Choncho pa tebulo la mphwanga tinalemba ufumu wa Fungi, ndipo gulu lalikulu ndi Ascomycota, momwe muli ndere zochuluka zedi, limodzi ndi yisiti wofufumitsira mandasi. Mitundu yodziwika ya ndere ili pafupifupi 20,000. Ikani nambala imeneyo pambali pa 15 ya amarmot, muona kuti kuyerekeza kumeneku n'kopendekera kuyambira pachiyambi: mbali ina ndi kabanja kamodzi, mbali inayo ndi njira ya moyo yomwe magulu osiyanasiyana a bowa anaitulukira paokhapaokha kangapo konse.

Pali mfundo imodzi yomwe inamudabwitsa mnyamatayo, ndipo inenso imandikomera. Bowa tinazolowera kumuika pamodzi ndi ndiwo zamasamba, utale ndi manyame timagula pamsewu wa ku Dedza kapena ku Mchinji nthawi ya dzinja ngati mmene timagulira chisoso. Ngakhale m'mabuku a sayansi, bowa anapatsidwa ufumu wakewake mochedwa, pa kagawidwe ka Robert Whittaker ka mu 1969. Kafukufuku wa DNA anadzaonetsa pambuyo pake kuti bowa ndi wachibale wapafupi wa nyama kuposa zomera. Ndiye kuti bowa wa m'ndere za pa mango wathu ali pachibale chapafupi ndi marmot wa ku Alps kuposa ndi algae amene amagona naye m'thupi limodzi.

Kumalo okhala, ziwirizi zimakumana pamwala umodzi koma zinafikapo ndi nzeru zosiyana. Marmot amafuna malo otseguka a udzu waufupi, ozizira, a dothi lokumbika. Wa ku Alps amakhala pakati pa mamita 800 ndi 3,200 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Kuti muone kutalika kwake, Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050 ndipo nsonga ya Sapitwa ku Mulanje ili pa 3,002. Wa ku Himalaya amakwera kuposa pamenepo, mpaka kufika cha m'ma 5,000. Ena amakhala m'zigwa zaudzu za ku Mongolia ndi Kazakhstan, ndipo mmodzi, amene ku America amamutcha groundhog, amakumba m'mphepete mwa minda ndi m'nkhalango za kumunsi. Onsewa vuto lawo ndi limodzi: miyezi yambiri pachaka nthaka imakutidwa ndi chisanu choundana ndipo msipu kulibe. Yankho lawo ndi tulo. M'miyezi yochepa yofunda amadya udzu, maluwa ndi masamba mosalekeza, kenako banja lonse limalowa ku una, kutseka khomo ndi dothi, n'kuunjikana pamodzi. Wa ku Alps amalowa cha mu Okutobala n'kutuluka cha mu Epulo. Mtima umatsika mpaka kugunda kasanu kokha pa mphindi, thupi limazizira kwambiri, ndipo mafuta aja ndiwo amakhala nkhokwe. Ana obadwa chaka chomwecho amapulumuka chifukwa cha kutentha kwa akuluakulu omwe agona nawo. Amene sananenepe mokwanira sadzuka.

Ndere sizithawa nyengo yoipa chifukwa zilibe kothawira. Zilibe mizu, zilibe masamba, madzi zimamwa ndi thupi lonse kuchokera ku mvula, mame ndi chifunga. Kukauma nazonso zimauma gwa, moyo n'kuima, ndipo zimatha kukhala choncho miyezi. Madzi akangozikhudza zimayambiranso ntchito m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake zimapezeka komwe zomera zambiri zinalephera: ku Antarctica, pamwamba pa mapiri aatali, ndi m'chipululu cha Namib ku Namibia, komwe kuli minda yathunthu ya ndere zodalira chifunga chochokera kunyanja. Mu 2005 bungwe la zamlengalenga la ku Ulaya, European Space Agency, linatumiza mitundu iwiri, Rhizocarpon geographicum ndi Xanthoria elegans, kunja kwa dziko lapansi. Zinakhala pamtetete kwa masabata awiri, kopanda mpweya, dzuwa likuzitentha popanda chotchinga, ndipo zitabwerera zinapitiriza kupanga chakudya. Mtengo wa kulimba kumeneku ndi kuchedwa. Rhizocarpon imeneyi, yomwe imaoneka ngati mapu achikasu pamwala, m'malo ozizira imakula osafika ndi milimita imodzi yomwe pachaka, ndipo zigamba zina zakhala zaka masauzande. Ofufuza amayeza kukula kwa zigambazo kuti adziwe kuti mwala unayamba liti kukhala poyera.

Kuno kwathu simufunika ulendo wautali. Pamiyala ya phiri la Bunda pali zomata ngati penti zomwe simungazichotse popanda kukanda mwalawo. Pamakungwa a mango ndi mitengo ya m'nkhalango ya Dzalanyama pali zamapepala zopindika m'mphepete, zomwe chala chimatha kutukula. Ndipo amene anakwerapo Mulanje, Zomba kapena Nyika anaona zachitatu, zolendewera panthambi ngati ndevu za nkhalamba, za mtundu wa Usnea, zomwe zimakonda malo a chifunga. Amene anadutsa mu labu ya kusekondale anagwirapo kale ndere osadziwa: utoto wa pepala la litmus, lija limafiira mu asidi, umachokera ku ndere za mtundu wa Roccella.

Tsopano gawo lachitatu, lomwe ndikuona kuti ndilo lili ndi nkhani. Pofuna kudziwa ngati chamoyo chili pachiopsezo, dziko lonse limayang'ana mndandanda wofiira wa bungwe loona zoteteza chilengedwe la IUCN, lomwe likulu lake lili ku Gland m'dziko la Switzerland. Mndandandawu unayamba mu 1964. Uli ndi masitepe, kuyambira pa Least Concern, kutanthauza kuti palibe chodetsa nkhawa kwenikweni, kukwera mpaka Vulnerable, Endangered ndi Critically Endangered, pomwe chamoyo chatsala pang'ono kutheratu. Palinso mabokosi awiri omwe anthu sawalabadira: la zamoyo zomwe zinaunikidwa koma umboni n'kuchepa, ndi la zomwe sizinaunikidwe n'komwe.

Amarmot ambiri ali pa sitepe yapansi. Wa ku Alps ali bwino moti mu 1948 anthu anayamba kumupititsa ku mapiri a Pyrenees, komwe anakhazikika n'kuchulukana. Koma ena ali pamavuto, ndipo awiri omwe ali pachiopsezo chachikulu mavuto awo ndi osiyana. Wa ku Mongolia, Marmota sibirica, amene kwawoko amamutcha tarbagan, ali pa Endangered chifukwa cha kusakidwa. Ubweya wake ndi malonda, nyama yake ndi ndiwo yokondedwa, amaiphika poika miyala yamoto m'mimba mwake. Nyama yomweyi imasunga utitiri wofalitsa mliri wa makoswe. Mliri wa ku Manchuria wa mu 1910 mpaka 1911, womwe unapha anthu pafupifupi 60,000, unayamba pakati pa alenje osaka tarbagan pofuna zikopa, ndipo mu 2019 banja lina kumadzulo kwa Mongolia linamwalira litadya nyama ya marmot yaiwisi. Ife odya mbewa tisafulumire kudabwa ndi ndiwo za eni.

Winayo ndi Marmota vancouverensis, wopezeka pa chilumba cha Vancouver ku Canada kokha, ndipo ali pa Critically Endangered. Nkhani yake ndi yophunzitsa. Makampani odula mitengo atayeretsa nkhalango za m'munsi mwa mapiri, amarmot anaona malo oyerawo ngati madambo awo a pamwamba n'kusamukirako. Koma kumeneko mimbulu, amphaka akuluakulu otchedwa cougar ndi ziombankhanga zinkawapeza mosavuta, ndipo mitengo itaphukanso malowo anatsekeka. Pofika 2003 kutchire kunatsala osakwana 30. Anawapulumutsa powaswetsa m'malo osungira nyama a ku Toronto ndi Calgary n'kumawabwezera kumapiri, ndipo chiwerengero chakutchire chinakwera kupitirira 200. Ambiri a iwo ali ndi chizindikiro kukhutu, ena ali ndi kachipangizo kotumiza uthenga, moti ogwira ntchitoyo amadziwa amene wadzuka ku tulo ndi amene sanadzuke.

Ndere nazo zili ndi wake wa Critically Endangered wochokera ku Canada komweko, Erioderma pedicellatum, yomera pa makungwa a mitengo ya m'nkhalango zonyowa za ku Newfoundland ndi Nova Scotia, ndipo ku Scandinavia inatsala pang'ono kuzimiririka. Adani ake ndi kudula mitengo ndi mpweya woipa. Inalowa pa mndandanda mu 2003, chaka chomwe amarmot aja anafika pansi penipeni, limodzi ndi Cladonia perforata ya ku Florida. Kwa zaka pafupifupi khumi, ndere ziwiri zimenezi ndi bowa mmodzi wa ku Sicily ndizo zinkaimira ufumu wonse wa bowa pa mndandanda wa dziko lonse. Pomwe nyama zoyamwitsa zonse zodziwika, mitundu yoposa 5,400, zinali zitaunikidwa pofika 2008. Zinthu zasinthako: mu Malichi 2025 IUCN inalengeza kuti bowa ounikidwa afika 1,300, ndipo 411 mwa iwo ali pachiopsezo. Nambala imeneyo ikuphatikiza bowa a mitundu yonse, pomwe ndere zokha zili 20,000.

Ndiye mwana akalemba pa tebulo kuti marmot wakuti ali pachiopsezo koma ndere yakuti sikupezeka pa mndandanda, asaganize kuti ndereyo ili bwino. Kusapezekako nthawi zambiri kumangotanthauza kuti palibe anapita kukaiona. Zifukwa zake zikuchokera ku gawo loyamba lija. Malamulo a IUCN amafuna kuwerenga zamoyo zokhwima chimodzichimodzi. Marmot ali ndi mutu umodzi ndi mchira umodzi. Nanga chigamba cha ndere chomwe chafalikira pathanthwe lonse, n'chimodzi kapena makumi asanu? Ndere zambiri zimaberekana pongothothoka tizidutswa tokhala ndi bowa ndi algae pamodzi, mphepo n'kutiuluza, choncho zigamba za pamitengo khumi zitha kukhala thupi limodzi logawanika. Akatswiri anachita kugwirizana njira zongoyerekeza, monga kuwerenga mitengo yomwe ndereyo ilipo. Chinanso n'chakuti marmot ali ndi nkhope yoti n'kuika pa kalendala n'kupemphera ndalama. Chigamba chotuwa chilibe maso oti chikuyang'aneni.

Chodabwitsa n'chakuti chamoyo chomwe chinapirira kunja kwa dziko chimagonja ndi utsi. Popeza ndere zimamwa chilichonse cha mumpweya popanda sefa, poizoni amaunjikana m'thupi mwake. Mu 1866 William Nylander anaona kuti ndere za mumzinda wa Paris zatsalira m'munda wa Luxembourg pomwe m'misewu yautsi zikutha, ndipo kuyambira pamenepo zakhala ngati chida choyezera mpweya, makamaka utsi wa sulphur wochokera ku malasha. Ngozi ya nyukiliya ya ku Chernobyl itachitika mu 1986, ndere za ku Norway ndi Sweden zinamwa poizoni wogwa ndi mvula, nyama zonga mphalapala zotchedwa reindeer, zoweta za anthu a mtundu wa Sami, zinadya nderezo monga zimachitira nyengo yozizira iliyonse, ndipo nyama yambirimbiri inaletsedwa kugulitsidwa.

Kwa ife a ku Lilongwe, chiopsezo chachikulu chili pa njinga zomwe zimalowa mumzinda m'mamawa zitasenza matumba a makala kuchokera ku Dzalanyama. Tikamadandaula za nkhalango imeneyi timanena za madzi a mtsinje wa Lilongwe ndi madamu a Kamuzu, ndipo n'zoona. Koma mtengo uliwonse wa tsamba kapena mombo wolowa mu uvuni umapita ndi ndere zomwe zinatenga zaka makumi kuti zikute khungwa lake. Tikadzala bulugamu m'malo mwake, khungwa lake limasupuka chaka ndi chaka, ndere zambiri sizipeza pogwira. Ku Mulanje, mkungudza womwe unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984 uli pa Critically Endangered, ndipo kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha. Mitengoyo inawerengedwa. Ndevu za Usnea zomwe zinkalendewera panthambi zake zinagwa nayo limodzi.

Mphwanga anafuna kulemba dzina lenileni la ndere za pa mango wathu kuti aphunzitsi aone kuti walimbikira. Ndinamufotokozera kuti ndi maso okha sizitheka. Akatswiri amadontheza mankhwala pa kachidutswa, limodzi mwa iwo ndi bulichi wamba wochapira zovala, n'kuona ngati pafiira kapena pachita chikasu, kenako amadula kachigawo kopyapyala n'kuyang'ana njere za bowayo pa maikulosikopu, n'kufanizira ndi zitsanzo zouma zosungidwa m'malo ngati National Herbarium ku Zomba. Anakhumudwa pang'ono, n'kulemba "foliose lichen" basi. Ndinamutuma kapu ya madzi. Anathira pa chigamba chimodzi chotuwa, tinadikira, ndipo mphindi isanathe chinayamba kubiriwira, khungu la bowa litanyowa n'kulola mtundu wa algae wa m'kati kuonekera. Anabwerera kumpopi kukatunga ena kuti ayesenso pa chigamba cha mbali inayo ya tsinde.